Chibayo m'chipatala: momwe mungadziwire ngati mukusankha maantibayotiki oyenera

Tengani mafayilo 20 a odwala chibayo amene anagonekedwa mwezi wathawu, muwayale patebulo. Mukapeza kuti pafupifupi onse alembedwa ceftriaxone, kuyambira agogo amene anafika atakomoka mpaka mnyamata amene analowa m'wodi akuyenda yekha, dziwani kuti wodi yanu inasiya kusankha mankhwala. Ikungopereka chimene dzanja linazolowera kulemba.

Chifukwa chake n'chomveka. Ceftriaxone amabayidwa kamodzi patsiku, pomwe X-pen (jakisoni wa benzylpenicillin) amafuna kanayi, ndipo namwino amene ali yekha usiku pa wodi yodzaza amadziwa kulemera kwa kusiyana kumeneku. Koma mtengo wake tikuulipira kale. Kafukufuku wa magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2017, anasonyeza kuti mwa tizilombo ta Klebsiella topezeka m'magazi, tosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone tinali pafupifupi 12 pa 100 mu 2003, koma pofika 2016 tinali titadutsa 90 pa 100. Khanda kapena mayi wobereka akagwidwa ndi kachilombo koteroko, mankhwala otsala ndi ochepa, odula, ndipo m'zipatala zambiri za m'maboma mulibe. Pofuna kuthana ndi vuto lotereli, bungwe la WHO linagawa maantibayotiki m'magulu atatu mu 2017. Amoxicillin, ampicillin, X-pen, gentamicin ndi doxycycline ali m'gulu la Access, loyambira. Ceftriaxone, ciprofloxacin ndi azithromycin ali m'gulu la Watch, lofunika kulisamala. Lachitatu ndi Reserve, losungira pamene ena onse alephera. Mu 2024 mayiko anagwirizana ku United Nations kuti pofika 2030, maantibayotiki 70 pa 100 ogwiritsidwa ntchito pa anthu azikhala a gulu loyambalo. Chibayo ndi amodzi mwa matenda amene amadya maantibayotiki ochuluka, choncho chipatala chikakonza apa chakonza gawo lalikulu.

Milingo imene tatchula pansipa ndi ya WHO. Pamene buku la Malawi Standard Treatment Guidelines kapena ndondomeko ya chipatala chanu yanena zosiyana, tsatirani zimenezo, ndipo muziyeza ntchito yanu ndi zomwezo.

Yambani ndi kukula kwa matenda

Palibe amene anganene kuti mankhwala anali oyenera ngati fayilo sinanene kuti chibayocho chinali chachikulu bwanji. Apa ndi pamene zambiri zimasokonekera, cholembera chisanafike n'komwe pa dzina la mankhwala.

Kwa mwana, werengani kapumidwe kwa mphindi yathunthu, wotchi ili m'manja. Mwana akhale pamiyendo pa mayi ake, ali phee, malaya atakwezedwa kuti mimba ndi nthiti zioneke. Musamuyambe ndi kumubaya chala kapena kumupanikiza thermometer m'khwapa, chifukwa akangolira nambala yawonongeka. Kuwerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi kumanamiza, poti ana aang'ono amapuma modukiza: amathamanga, n'kuima pang'ono, n'kuyambiranso. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akupuma mothamanga ngati wafika 50 pa mphindi. Wa chaka chimodzi mpaka asanakwane zaka 5, malire ndi 40. Kenako yang'anani m'munsi mwa nthiti. Ngati pakulowa m'kati pamene mwana akukoka mpweya, ndipo pakutero mpweya uliwonse, chimenecho ndi chizindikiro. Kulowa kwa pakati pa nthiti kokha, kapena kooneka pamene akulira, sikuwerengedwa.

Kuyambira 2014, WHO imaika mwana wopuma mothamanga kapena wolowa m'nthiti, koma wopanda chizindikiro choopsa, m'gulu la chibayo chochizika ndi mankhwala akumwa. Chibayo choopsa ndi chimene chabwera ndi chimodzi mwa izi: kulephera kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kukomoka, kufooka mpaka kuvuta kudzutsa, kubuula popuma, kunyentchera kwambiri, kapena okosijeni wotsika pansi pa 90 pa kachipangizo kopanira kuchala. Makanda osakwana miyezi 2 ali ndi ndondomeko yawoyawo ndi milingo yawo, manambala a m'nkhani ino musawagwiritse ntchito pa iwo.

Kwa akulu pali muyeso wa CRB-65, wosafuna labu. Mumapereka mfundo imodzi pa chilichonse mwa zinayi: kusokonezeka mutu kumene kwayamba ndi matendawa, kupuma ka 30 kapena kuposa pa mphindi, BP yapamwamba yosafika 90 kapena yapansi ya 60 kutsika, ndi zaka 65 kupita m'tsogolo. Wopanda mfundo angathe kumwa mankhwala kunyumba. Wa 1 kapena 2 muganizire zomugoneka, wa 3 kapena 4 ali pangozi. Muyesowu unapangidwira mayiko amene odwala chibayo ambiri ndi okalamba, ndiye kuno umaphonya achinyamata odwala kwambiri. Kafukufuku wa akulu odwala chibayo pa Queen Elizabeth, wofalitsidwa mu 2019, anapeza kuti okosijeni wotsika, mtima wothamanga ndi kulephera kuima pawekha zimayendera limodzi ndi imfa. Choncho munthu wa zaka 30 amene abale achita kumunyamula, okosijeni ali pa 86, ndi wodwala kwambiri ngakhale CRB-65 itanena 0. Lembani nambala ya okosijeni m'fayilo, osangoti "ali bwino".

Mankhwala ndi milingo yake

Mwana wa chibayo chopanda zizindikiro zoopsa amwe amoxicillin, 40 mg pa kilogalamu iliyonse, kawiri patsiku, masiku 5. Ndi mapiritsi osungunuka a 250 mg zimakhala chonchi: wa makilogalamu 4 mpaka osakwana 10 piritsi limodzi, wa 10 mpaka osakwana 14 awiri, wa 14 mpaka 19 atatu, m'mawa ndi madzulo. Mlingowu ndi wokwera dala, kuti ugonjetse tizilombo ta pneumococcus, toyambitsa chibayo kawirikawiri, timene tayamba kuuma mutu. Cholakwika chofala ndi kupereka 125 mg katatu patsiku mwachizolowezi chakale, mwana wa makilogalamu 12 n'kumalandira osakwana theka la zimene akufunika. Akabwerera asanachire timati amoxicillin walephera, chikhalirecho mwanayo sanalandire mlingo wokwana.

Za kutalika kwa masiku, kafukufuku wa ana 3,000 opanda HIV amene anachitikira ku Lilongwe, pa Kamuzu Central ndi Bwaila, n'kufalitsidwa mu 2020, anasonyeza kuti masiku 3 a amoxicillin sanachepe mphamvu poyerekeza ndi masiku 5 kwa ana olowa m'nthiti. Musasinthe ndondomeko panokha chifukwa cha zimenezi, koma zikuthandizeni kuona kuti masiku 10 kapena 14 amene ena amalemba alibe maziko.

Chibayo choopsa mwa mwana chimafuna jakisoni: ampicillin 50 mg pa kilogalamu, kapena X-pen mayunitsi 50,000 pa kilogalamu, maola 6 aliwonse, pamodzi ndi gentamicin 7.5 mg pa kilogalamu kamodzi patsiku, kwa masiku osachepera 5. Titenge mwana wa makilogalamu 8. Ampicillin ndi 400 mg. Mukasungunula kabotolo ka 500 mg ndi 2.1 ml ya madzi a jakisoni mumapeza 2.5 ml, ndiye mukoka 2 ml. Gentamicin (genta) ndi 60 mg, ndipo kabotolo ka 80 mg mu 2 ml kamapereka 1.5 ml. Masamu onsewa amayambira pa sikelo. Kulemera kongoyerekeza ndi maso, kapena kokopera m'buku la kusikelo la miyezi inayi yapitayo, kumabweretsa mlingo wochepa wosapha tizilombo, kapena genta wochuluka amene amawononga impso ndi makutu. Ceftriaxone, 80 mg pa kilogalamu kamodzi patsiku, ndi wa mzere wachiwiri, pamene oyambawo alephera. Mwana amene ali ndi HIV, kapena khanda lobadwa kwa mayi amene ali nako, akalowa m'nthiti agonekedwe n'kulandira jakisoni ngakhale zizindikiro zina zoopsa palibe.

Wamkulu wa chibayo chaching'ono amwe amoxicillin 1 g maola 8 aliwonse kwa masiku 5. Amene thupi lake limadana ndi penicillin angamwe doxycycline 100 mg kawiri patsiku, kupatula mayi woyembekezera. Wodwala kwambiri ndiye mwini wake wa ceftriaxone, 2 g kamodzi patsiku m'mitsempha, kuphatikiza clarithromycin 500 mg kawiri patsiku kapena mnzake wa gulu lomwelo amene alipo, monga azithromycin kapena erythromycin. Wachiwiriyu amafikira tizilombo monga Mycoplasma ndi Legionella, timene penicillin ndi ceftriaxone satigwira.

Wodwala akati penicillin samuyanja, funsani kuti chinachitika n'chiyani. Kutupa milomo, kubanika, zidzolo zotuluka mwadzidzidzi kapena khungu losupuka ndi zoopsa zenizeni. Nseru kapena kutsegula m'mimba si chifukwa chomumana amoxicillin moyo wake wonse.

Pali zosankha zina zimene zimaoneka kawirikawiri m'mafayilo ndipo ziwerengedwe ngati zolakwika. Genta payekha, X-pen atatha, sagwira pneumococcus. Bactrim wa mlingo wamba sathandiza, chifukwa pneumococcus wambiri kuno samumvanso, ndipo wodwala amene ali pa ma ARV amakhala akumumwa kale tsiku ndi tsiku. Flagyl woonjezera "kuti tiphimbe zonse" alibe ntchito pokhapokha pali chithupsa m'mapapo kapena mafinya m'chifuwa. Amoxicillin ndi ceftriaxone nthawi imodzi ndi kubwereza chinthu chomwecho. Ndipo ceftriaxone asadutse mu kanyula imodzi ndi madzi a dripu a Ringer's lactate popanda kutsuka ndi saline, poti amaundana ndi kashiamu wa m'madziwo.

TB ndi HIV zisachoke m'maganizo

Mu kafukufuku wa ku Blantyre wa 2019 uja, oposa atatu mwa anayi aliwonse anali ndi HIV, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi anapezeka ndi TB, ngakhale anafika ngati odwala chibayo wamba. Zinthu zasinthako chifukwa ma ARV afikira anthu ambiri, komabe phunziro lake likadalipo. Aliyense wogonekedwa ndi chibayo adziwike ngati ali ndi HIV, ndipo makhololo apite ku GeneXpert, makina oyezera TB, tsiku loyamba lomwelo ngati ali ndi HIV, wakhosomola milungu iwiri, waonda, amatuluka thukuta usiku kapena amakhala ndi wodwala TB. Wa HIV wogonekedwa ayezedwenso mkodzo ndi LAM, njira ina yoyezera TB, imene imayankha mu mphindi 25.

Apa ndi pamene ciprofloxacin amavulaza anthu mwakachetechete. Pa pneumococcus ndi wofooka, koma TB amaigwirako pang'ono. Wodwala amapezako bwino masiku ochepa, amatulutsidwa, TB ikupitirira, ndipo akadzabwera amakhala atafooka kwambiri, atapatsira a m'nyumba, mwinanso tizilombo take titayamba kusamva gulu la mankhwala amene amafunika pochiza TB yosamva mankhwala. Munthu wokhosomola amene TB sinachotsedwe m'maganizo asapatsidwe cipro kapena mnzake wa gulu lomwelo, levofloxacin.

PCP, chibayo choyamba ndi kachilombo ka Pneumocystis, muiganizire mwa wodwala HIV amene chitetezo chatsika kwambiri, wabanika pang'onopang'ono kwa milungu, chifuwa chili chouma, m'mapapo mukumveka bwino koma okosijeni akutsika akangoyenda masitepe ochepa. Mankhwala ake ndi Bactrim wa mlingo waukulu, 120 mg pa kilogalamu patsiku wogawidwa katatu kapena kanayi, masiku 21, ndi prednisolone ngati okosijeni watsika. Khanda la miyezi 2 mpaka chaka limene lili ndi HIV kapena labadwa kwa mayi amene ali nako, likadwala chibayo cholowa m'nthiti kapena choopsa, lipatsidwe Bactrim wa PCP pamodzi ndi jakisoni uja osadikira umboni.

Dozi yoyamba ndi mabokosi opanda kanthu

Mankhwala olembedwa si mankhwala olandiridwa. Wodwala kwambiri alandire dozi yoyamba pomwe wafikira, asanakwere kupita ku wodi, ndipo amene magazi ake akuoneka kuti alowa tizilombo, BP itatsika, alandire ola lisanathe. Kumene kuli labu yomeretsa tizilombo, magazi atengedwe jakisoni asanalowe, koma kusowa kwa botolo kusachedwetse mankhwala. Wotumizidwa kuchokera ku chipatala chaching'ono abayidwe asanakwere ambulansi, nthawi n'kulembedwa pa kalata.

Muyeso wa nthawi uli ndi msampha umene dziko la America linagweramo. Kumeneko zipatala zinkayezedwa poyera ngati wodwala chibayo walandira maantibayotiki pasanathe maola 4 chifikireni. Pofuna kukwanitsa nambala, madokotala anayamba kubaya anthu asanatsimikize matenda, ena n'kupezeka kuti vuto linali mtima kapena mphumu. Malire anakwezedwa kufika maola 6, kenako muyesowo unachotsedwa. Mukamayeza liwiro, muziyezanso kuti mwa amene anatchedwa a chibayo ndi angati analidi nacho. Mwana wa malungo amapuma mothamanga, wosowa magazi chimodzimodzi, ndipo wa chifuwa cholira ngati mluzu nthawi zambiri ndi mavairasi kapena mphumu.

Tsopano tsegulani tchati cha mankhwala. X-pen ali ndi mabokosi anayi patsiku. Yang'anani la pakati pa usiku ndi la 6 koloko m'mawa. Mupeza ena alibe siginecha, ena alembedwa O/S kusonyeza kuti mankhwala atha, ena "kanyula yatuluka". X-pen amachoka m'magazi mwamsanga, ndiye dozi ziwiri zikadumphidwa motsatizana, tizilombo timakhala theka la tsiku tikuswana mosasokonezedwa. Kanyula ikatuluka, jakisoni wa m'mnofu alipo. Mankhwala akatha, wolemba auzidwe nthawi yomweyo kuti asankhe ena, tchati chisamangodzaza O/S masiku atatu. Wodwazika naye muuzeni kuti jakisoni ndi kanayi patsiku komanso maola ake, chifukwa iye sachoka pambali pa bedi ndipo amakumbutsa.

Tsiku lachitatu

Pakatha maola 48 mpaka 72, fayilo ionetse kuti wina anaima n'kuganizanso. Wamkulu amene thupi lazizira kufika pansi pa 37.8, mtima sukupitirira 100, kupuma sikupitirira 24, BP yapamwamba ili pa 90 kapena kuposa, okosijeni ali pa 90 popanda makina, akudya ndipo mutu uli bwino, achotsedwe pa jakisoni n'kupitiriza ndi amoxicillin wakumwa. Masiku a jakisoni amawerengedwa m'gulu la masiku onse. Wolandira ceftriaxone masiku 3 n'kupatsidwa mapiritsi a masiku 7 potuluka wamwa masiku 10, kawiri kuposa zimene ambiri amafunika. Lembani tsiku losiyira pa tchati kuyambira pachiyambi.

Amene sakupeza bwino musangomusinthira mankhwala "amphamvu". Onani kaye ngati madozi onse analowa komanso ngati mlingo unali wokwana. Gogodani chifuwa: mbali imene ikumveka ngati mukugogoda ntchafu, mpweya osamveka, mwina mwadzaza madzi kapena mafinya, ndipo mafinya sachoka ndi jakisoni, amafuna paipi yowatulutsa. Jambulani ekisire, tsatirani zotsatira za GeneXpert zimene mwina zagona ku labu. Mwana amene wangodwala chikuku, kapena ali ndi zithupsa pakhungu ndipo ekisire ikuonetsa timatumba ta mpweya m'mapapo, ganizirani tizilombo ta Staphylococcus ndipo mupatseni cloxacillin ndi genta. Mwana amene anatsamwa mwadzidzidzi akudya mtedza kapena chimanga, chibayo n'kumabwerera mbali imodzimodzi, ali ndi kanthu m'njira ya mpweya.

Kuyeza mwezi ndi mwezi

Ntchitoyi imafuna anthu awiri, wolemba mankhwala mmodzi ndi wa ku famase kapena namwino, ndi masana amodzi. Mayina atengedwe m'kaundula wa ogonekedwa, 20 oyamba a mweziwo amene alembedwa chibayo, ana paokha akulu paokha. Musatole mafayilo amene ali pafupi, chifukwa a omwalira ndi othawa m'chipatala amasungidwa kwina, ndipo ndi amene ali ndi zambiri zotiphunzitsa. Fayilo yosowa ilembedwe kuti yasowa. Chotsanimo amene chibayo chinawayamba atagona kale m'chipatala maola oposa 48, poti tizilombo tawo ndi tina ndipo mankhwala ake ndi ena.

Pa fayilo iliyonse yankhani inde kapena ayi: kapumidwe, okosijeni ndi kukula kwa matenda zalembedwa? Mankhwala oyamba akugwirizana ndi kukula kumeneko malinga ndi ndondomeko? Mlingo ukugwirizana ndi kulemera kwa tsiku limenelo? Nthawi yofikira ndi ya dozi yoyamba zilipo? Madozi a maola 48 oyamba analowa onse? Za HIV zadziwika, ndipo TB yafufuzidwa pamene zimayenera? Pali kuunikanso pofika tsiku lachitatu? Masiku onse pamodzi ndi angati? Chimene sichinalembedwe chiwerengedwe kuti sichinachitike, ngakhale mukumudziwa mnzanuyo kuti ndi wosamala. Wopatuka pa ndondomeko atalemba chifukwa chomveka, monga impso zofooka zimene zaletsa genta, wachita bwino.

Mafayilo 13 mwa 20 akakhoza funso lachiwiri, ndiye 65 pa 100. Kumbukirani kuti pa mafayilo 20, imodzi yokha imasuntha nambala ndi 5, choncho kukwera kapena kutsika kwa mwezi umodzi kusakutengeni mtima, muziona miyezi itatu kapena inayi pamodzi. Zolakwikazo muzigawe pawiri, opatsidwa mopitirira ndi opatsidwa moperewera, chifukwa njira zozikonzera ndi zosiyana, ndipo wodi imene yachepetsa ceftriaxone pomana odwala kwambiri yabwerera m'mbuyo. Pambali pa fayilo iliyonse yolakwika lembani ngati mankhwala oyenera analipo ku famase tsiku limenelo, poyang'ana pa stock card, khadi lolembapo mankhwala olowa ndi otuluka. Ngati amoxicillin anatha milungu iwiri, vuto lili pa kaitanitsidwe ka katundu, ndipo lipite ku komiti yoona za mankhwala pachipatalapo ndi masiku enieni amene shelefu inali yopanda kanthu.

Zotsatira zikambidwe pa msonkhano wa m'mawa, popanda kutchula amene analemba, chifukwa anthu akaopa kuchititsidwa manyazi amayamba kulemba "chibayo choopsa" pa aliyense kuti ceftriaxone aoneke woyenera. Sankhani chinthu chimodzi chokonza mwezi umenewo, mupatse munthu mmodzi udindo wake. Ngati vuto ndi kulemera kosalembedwa, sikelo isamukire pakhomo pamene ana amafikira. Ngati ndi mlingo, tchati cha makilogalamu ndi mamililita chimatidwe pamwamba pa tebulo losungunulira jakisoni. Ophunzira ndi ogwira ntchito atsopano akamabwera, manambala amatsikanso, ndiye tsamba limodzi la ndondomeko ya chibayo liperekedwe kwa aliyense sabata yake yoyamba, ndipo mafayilo a mwezi wotsatirawo atengedwe monga mwa nthawi zonse.